Mkono wa Telala

M'wodi ya amuna munali dokotala amene anthu ankawatcha a Mafunso, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Dokotala wina akafika pa bedi la wodwala amafunsa pamene pakupweteka, n'kulemba mankhwala, n'kupitirira. Mayi amenewa ayi. Ankafuna adziwe kuti chifuwacho chinayamba lachingati, anayamba kuchimva ndani, nanga wodwalayo wavaliranji sokosi imodzi. Anamwino akangowaona akukoka mpando ankayang'anizana, podziwa kuti tiyi wa 10 koloko amwedwa atazizira. Ukawadandaulira, yankho lawo linali limodzi, loti safunsa anadya phula.

Lachitatu limenelo amene anawaimitsa mutu anali telala wa pa bedi lapafupi ndi zenera. Anali mwamuna wa zaka 34, ndipo anabwera naye Lolemba thupi likutentha, osayankhula. Magazi anamuyeza kawiri, malungo osapezeka. Anamujambula m'chifuwa, muli bwinobwino. Poona kuti khosi lauma, anamutenga madzi a mumsana, koma anatuluka oyera ngati a pampopi. Mankhwala opha tizilombo anali akulowa m'diripi kwa masiku awiri, komabe kutentha kunkangokwera, ndipo m'mawa umenewo kunali kutadutsa madigiri 40.

Chimene chinawaopsa kwambiri chinali thumba la mkodzo lopachikidwa m'mbali mwa bedi. Munali mkodzo wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Impso zikafika pamenepo sizichedwa kutaya ntchito. A Mafunso ankadziwa kuti akapanda kupeza chimene chikumudya mwamunayu, sabata imeneyo saimaliza.

Anakoka mpando. A Sisitala, amene anayang'anira wodiyo kwa zaka zambiri, anausa moyo n'kuika fayilo pansi.

Telala anali atagona chagada, maso ali tong'o kudenga. Thukuta linali litanyowetsa nsalu zapabedi, ndipo malovu ankatsika pakona pa mlomo. Mbali imodzi kunali amayi ake, munthu wamkulu waukhondo, chikwama chakuda atachikumbatira pamiyendo. Mbali inayo kunali mkazi wake, akumupukuta nkhope ndi kathaulo.

A Mafunso anagwira dzanja lamanja la wodwalayo kuti amve kugunda kwa mtima, ndipo pofuna kulibweza anaona kuti mkono sukufuna kupindika. Anauyesanso. Unapindika ndithu, koma pang'onopang'ono, ukulimba chimodzimodzi kuyambira poyambira mpaka pothera, ngati waya wochindikala. Atausiya unakhala m'malere kanthawi, ukunjenjemera, kenako unatsika. Anayesa mkono wina, n'chimodzimodzi. Anayesa mawondo, n'chimodzimodzi.

"A Sisitala, taugwireni mkonowu."

"Ndaugwira kale. Wauma. Si paja tinati ndi matenda oumitsa khosi?"

"Khosi, inde. Nanga chigongono chalakwanji? Bondo lalakwanji?"

"Mwina ndi kafumbata."

"Ndaganizanso zomwezo. Koma bala alibe, ndipo wodwala kafumbata ukamenyetsa chitseko amadzidzimuka thupi lonse n'kupindika msana. Uyu zitseko zamenyetsedwa kangati chibwerereni?"

A Sisitala anaseka pang'ono, chifukwa chitseko cha wodiyo chinali chodziwika ndi phokoso lake. A Mafunso anatenga pepala lolembapo kutentha kwa thupi n'kuyamba kulilondola ndi chala. Kuthamanga kwa magazi kunali kosakhazikika, m'mawa kukwera, masana kutsika, madzulo kukweranso. Kutentha nako sikunkakwera mwamyaa. Kunkadumpha, ndipo kunali kutadumpha katatu. Chinthu chodumpha katatu chimakhala ndi wochikankha, choncho anatembenuza pepala la mankhwala kuti aone kumbuyo.

M'wodi imeneyo munali kachitidwe kakale. Wodwala akabwera wosokonezeka, dokotala ankalemba kumbuyo kwa pepala jakisoni woziziritsa mutu, woti aperekedwe munthu akavuta, pofuna kuti anamwino asamachite kuthamangira dokotala nthawi iliyonse wina akazula diripi. Pa ulendo woona odwala palibe amene ankatembenuza pepala, poti mankhwala enieni amakhala kutsogolo. Kumbuyo kwa pepala la telala kunali mizere itatu ya jakisoni ameneyu, Lolemba kamodzi, Lachiwiri kawiri. Kudumpha kulikonse kwa kutentha kunkabwera patangopita maola ochepa.

"Anavuta bwanji munthu wouma chonchi?" anafunsa.

"Ankanjenjemera n'kumabuula, diripi ikufuna kuzuka. Lero ndati tim'patsenso ikamakwana 12 koloko, apumeko."

A Mafunso anayang'ana pansi pa lamulolo kuti aone amene analemba, ndipo anapeza siginecha yawo. Analilemba Lolemba ataimirira, odwala asanu ndi awiri akudikira panja. Manyazi anawagwira kwambiri. Anatenga cholembera n'kudula mzere wonsewo kawiri.

"Jakisoni ameneyu asalandirenso, ngakhale atavuta bwanji. Ndinalemba ndine, ndadula ndine. Muikeni diripi yachiwiri, madzi alowe ambiri. Mum'vule, mum'yale nsalu zonyowa, fani imuyang'ane. Magazi apite kulabu, akayeze ngati minofu ikuphwanyika."

"Mukuganiza chiyani?"

"Pali vuto limene limabwera mwa apo ndi apo kwa anthu omwa mankhwala a matenda a maganizo. Thupi limawakana mankhwalawo. Minofu imauma, ikauma imatentha, ikatentha imaphwanyika, ndiye zinyenyeswa zake zimakatseka impso. Ndinalionapo kamodzi kokha ndili pasukulu. Mwa anthu khumi, limatha kutengapo mmodzi kapena awiri."

"Ndiye kuti tam'pweteka ndife?"

"Tawonjezera nkhuni. Koma Lolemba anabwera akutentha kale, khosi litauma kale. Moto anayatsa ndani?"

Funso limeneli ndi limene linayamba kuwayabwa. Anapempha kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, ndipo amayi aja anakatulutsa m'chikwama mofulumira. Kanali kokutidwa bwino ndi pepala la khaki. Munalembedwa chifuwa cha chaka chatha, bala la singano pachala, ndi dzino limene anazula. A Mafunso anatembenuza masamba otsalawo, onse oyera.

"Amayi, mwana wanuyu pali mankhwala amene amamwa masiku onse?"

"Palibe. Chibadwire ndi munthu wamphamvu."

"Sanagonekedwepo m'chipatala china?"

"Ayi."

"Nanga inu, achemwali, simunawaonepo amuna anu akumwa kanthu?"

Mkazi uja anayang'ana apongozi ake, kenako anayang'ana kathaulo kake. "Monga anenera amayimo," anatero.

Mayankhowo anabwera msanga kwambiri, ndipo a Mafunso sankakhulupirira yankho lobwera funso lisanathe. Sanakakamize. Anawerama n'kutsegula kakabati ka pambali pa bedi ngati akufuna kapu. Munali sopo, botolo la madzi, malalanje awiri ndi supuni. M'kati mwa supunimo munali kaphala koyera, kosauma bwinobwino. Anakakhudza ndi chala n'kukafikisa. Kanali ndi timibulu, ngati choko chonyowa. Anabweza supuniyo pamalo pake.

Atamaliza kuona odwala ena anaitana amayi aja kukachipinda kosungiramo mafayilo, kamene kanali ndi mipando iwiri ndi zenera losatseguka. Anatseka chitseko.

"Amayi, ine sindine wapolisi. Koma ndikuuzeni zoona. Mwana wanu akhoza kufa sabata ino, ndipo ndikuganiza kuti chimene chikum'pha ndi mankhwala. Ndikadziwa kuti ndi ati, mwina tim'pulumutsa."

Amayi aja anaseweretsa zipi ya chikwama ndi zala. Kenako anaitsegula, n'kupisa dzanja pansi penipeni, n'kutulutsa kabuku kena. Aka kanali konenepa, kakuda ndi manja, kodzaza ndi madeti a kuchipatala cha matenda a maganizo kuyambira zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.

"Timabuku n'tiwiri," anatero motsitsa mawu. "Kaja n'koonetsa anthu. Aka n'kanga."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Mwana wawo anadwala ali ndi zaka 22. Anayamba ndi kusagona, kenako kukhala duu osayankhula, kenako kumva mawu a anthu amene panalibe. Analandira mankhwala n'kuchira, anaphunzira kusoka, anatsegula shopu yake. Mtsikana woyamba amene ankafuna kum'kwatira atamva za matendawo anabweza mphete kudzera mwa mlongo wake. Kuyambira tsiku limenelo amayiwo analumbira kuti wachiwiri sadzamva. Mapiritsi ankasunga okha, ndipo m'mawa ndi madzulo ankadutsa kushopu ngati akukapereka moni.

"Mkazi wakeyu, apongozi anga, ndi munthu wabwino, dokotala. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinawamvepo mawu oipa. Koma munthu wabwino naye ali ndi pothera. Chonde musawauze."

"Mwezi uno chinachitika n'chiyani?"

A Mafunso anali ataona kale tsamba lomaliza, koma ankafuna amve. Masabata atatu apitawo telala analandira ntchito yosoka mayunifolomu a sukulu yonse. Anasiya kugona mokwanira, anayamba kuyankhula yekha pamakina, ndipo kuchipatala kuja anamuwonjezera mankhwala. Patatha sabata anayamba kuyenda mouma, mawu kuchepa.

"Nditaona wakhala duu ndinati basi, zija zabweranso. Paja poyamba zinayambanso choncho. Ndiye pamene anati piritsi limodzi, ine ndinkam'patsa awiri."

"Muno m'chipatala mwapitiriza?"

"Ndikanasiya bwanji? Ndimaphwanya n'kusungunula, apongozi akapita kochapa."

Anatulutsa botolo la mapiritsi n'kuliika patebulo. A Mafunso anawerenga dzina la mankhwalawo, ndipo anali a mtundu womwewo ndi jakisoni uja. Mtima wawo unakhalako pansi, poti chimene ankachifuna anali atachipeza. Akanakhala dokotala wina akanaimirira pomwepo. Koma iwo anali ndi kafunso kena kotsalira.

"Lero mwam'patsa nthawi yanji?"

"Lero ayi. Dzulo madzulo ndi pomaliza. M'mawa uno ndinapita kunyumba kukatenga zovala, pobwera ndapeza inu mwayamba kale kuona odwala."

"Nanga supuni ili m'kakabati ija simunatsuke dzulo?"

Amayi aja anakweza nsidze. "Ine ndingasiye supuni yotere poonekera?" Anapisanso m'chikwama n'kutulutsa kasupuni kakang'ono kokulungidwa m'kampango, koyera bwino. "Yanga ndi iyi."

A Mafunso anakayang'ana kasupuniko, nayang'ananso mwini wake. Kaphala kaja kanali konyowa nthawi ya 9 koloko m'mawa, m'wodi yotentha ngati imeneyo. Anasunga botolo m'thumba la gauni, n'kuwauza amayiwo kuti abwerere kwa wodwala ndipo asam'patse kanthu kalikonse kukamwa, ngakhale madzi, chifukwa kumeza kunali kukum'vuta.

A Mafunso anakapeza mkazi wa telala kuseri kwa wodi, pamalo ochapira, akufinya nsalu. Anali wocheperako msinkhu, wa manja olimba. Ataona dokotala akubwera anatseka mpopi, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera.

"Achemwali, supuni ija ndi yanu?"

Sanakane. Anapukuta manja pasiketi n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki m'thumba. Munali mapiritsi a mtundu wina, achikasu, akale ndithu.

"Amayi asadziwe," anatero.

A Mafunso anatsala pang'ono kuseka, ngakhale nkhaniyo sinali yoseketsa. Anakhala pamphepete pa sinki ya simenti. "Asadziwe chiyani?"

"Kuti ndikudziwa. Amuna anga anandiuza tisanakwatirane. Anandikhazika pabenchi ya m'shopu n'kundifotokozera zonse, za mawu aja, za mtsikana uja, zonse. Kenako anati, koma amayi usawaonetse kuti ukudziwa, angafe ndi manyazi, ndiponso ndi ntchito yokhayo imene yawatsalira pa ine. Ndiye akabwera kushopu ndi chikwama chawo, ine ndimapeza chochita panja."

"Zaka zisanu ndi chimodzi mukupeza chochita panja?"

"Panja sipasowa ntchito."

"Nanga mapiritsiwa?"

"Ndi otsala a kale, asanawasinthire ena. Amakhala m'kadirowa ka makina. Nditaona akuuma, osayankhula, ndinaganiza kuti amayi ayamba kuiwala, paja akula. Kuwafunsa sindikanatha. Ndiye ndinayamba kuwapatsa awa, limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Muno ndakhala ndikuwayang'anitsitsa amayi, sindinawaonepo akupereka. Ndinati ndiye kuti asiyiratu, munthuyu atipengera m'chipatala. M'mawa uno ndawapatsa awiri."

A Mafunso anawerengetsera mumtima. Mlingo wowonjezedwa wa kuchipatala, kuphatikiza wa amayi, kuphatikiza wa mkazi, kuphatikiza jakisoni wawo. Anthu atatu ankathira m'chikho chimodzi, aliyense akuganiza kuti ali yekha. Anamufotokozera mkaziyo za kuuma kwa minofu, za kutentha ndi za impso, ndipo anaona nkhope yake ikusintha.

"Ndiye kuti ndawapha ndine."

"Sanafe. Ndipo simuli nokha, inenso dzanja langa lilipo. Zambiri sindinganene, chifukwa chinsinsi cha munthu sindiulula, chanu kapena cha wina. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Amuna anu akadzuka adzakhala masabata awiri kapena kuposa osamwa mankhwala a mtundu umenewu. Matenda aja akhoza kuonekera, ndipo adzafunika anthu owayang'anira amene akuuzana zoona. Masewera obisalirana athere pano. Muwauze nokha apongozi anu."

"Lero?"

"Manyazi anapha lambe, achemwali. Lero."

Zotsatira za kulabu zinabwera cha m'ma 2 koloko. Chizindikiro cha kuphwanyika kwa minofu chinali chitakwera kuposa malire maulendo makumi angapo, ndipo impso zinali zitayamba kulefuka. A Mafunso anaimbira foni dokotala wa matenda a maganizo, anagwirizana za mankhwala ofewetsa minofu, n'kulamula kuti telala asamutsidwire kuchipinda cha odwala kwambiri. A Sisitala anatenga mafayilo a wodi yonse n'kuyamba kutembenuza mapepala limodzilimodzi, akung'ung'udza kuti matenda a mafunso ndi opatsirana.

Pamene wodwala ankakonzedwa kuti asamuke, amayi awiri aja anakumana m'kachipinda ka mafayilo. A Mafunso anafuna kutuluka, koma mkazi wa telala anawapempha kuti akhale. Anaima pakhomo. Mkaziyo anaika kapepala ka mapiritsi achikasu patebulo, n'kukakankhira kwa apongozi ake.

Amayi aja anakayang'ana kwa nthawi. Mapiritsiwo anawazindikira, poti anawapereka ndi manja awo kwa zaka zambiri.

"Mwawatenga kuti?"

"M'kadirowa ka makina, amayi."

"Mukudziwa ntchito yake?"

"Ndikudziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tisanakwatirane."

Amayiwo anakweza maso. "Ndiye munadziwa, n'kubwerabe?"

"Ndinabwera."

"Ndikamalowa m'shopu muja inu n'kumatuluka..."

"Ndinkakupatsani mpata."

Amayi aja anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Analira mopanda phokoso, mapewa okha akugwedezeka. Atatha anapukuta m'maso n'kunena kuti nawonso ankapereka, awiriawiri, ngakhale m'chipatala momwemo. Mpongozi wawo anagwira pakamwa. A Mafunso anaona kuti aliyense wa iwo walandira katundu watsopano, komanso watulako theka la amene anali nawo. Anawasiya awiriwo n'kupita kukaona diripi.

Masiku otsatirawo anali oyesa mtima. Lachinayi kutentha sikunatsike. Lachisanu mkodzo unachepanso, ndipo a Mafunso anayamba kufunsa za makina osefa magazi. Ankapita kuchipinda cha odwala kwambiri katatu pa tsiku, ngakhale sikunali kwawo, mpaka namwino wa kumeneko anawafunsa ngati akufuna awaikire bedi. Ankaopa ndithu, ndipo akakumbukira siginecha yawo ija chakudya sichinkakoma. Amayi awiri aja ankakhala pabenchi imodzi panja, chikwama chakuda chili pakati pawo. Loweruka thumba linayamba kudzaza, mtundu wa mkodzo ukuyera. Lolemba kutentha kunatsika kufika pa 38. Lachitatu telala anatsatira namwino ndi maso, ndipo tsiku lotsatira anameza madzi osatsamwa.

Anabwerera kuwodi ya amuna patatha masiku khumi ndi awiri, ataonda, mawu ake ali apansipansi. M'mawa wina a Mafunso anabwera ndi dokotala wa matenda a maganizo, bambo wodekha wa imvi m'ndevu, kuti akambirane za kutsogolo. Bamboyo anafotokoza kuti adikira masabata awiri, kenako ayamba mankhwala a mtundu wina, pang'ono kwambiri, akuyang'anitsitsa. Zonsezi zilembedwa pamalo amodzi, kuti dokotala aliyense wodzam'gwira adziwe zimene zinachitika. Anamaliza ndi kunena kuti botolo lizikhala ndi munthu mmodzi yekha.

"Asunge apongozi angawa," anatero amayi aja. "Ine maso ayamba kuchita chidima."

"Ayi amayi, inu ndi amene mukuwadziwa bwino matendawa."

"Nyumba ndi yanu."

"Koma mwana ndi wanu."

Akanapitiriza kupatsirana ulemu mpaka nthawi ya chakudya. A Mafunso anali akuyang'ana wodwalayo, ndipo anaona kuti milomo yake ikuyenda. Anakweza dzanja kuti onse akhale chete, n'kuwerama.

"Mukuti bwanji, bambo?"

"Botololo," anatero telala, akupuma pakati pa mawu, "mundipatse ine."

Amayi ake anasendera pafupi. "Mwana wanga, ukadali wofooka. Ukadzaiwala?"

"Zaka khumi ndi ziwiri, amayi. Tsiku lililonse ndimakhala nditakonza kale madzi m'kapu musanafike. Ndinaiwalapo liti?"

Telala anatembenuza mutu pang'onopang'ono, kuyang'ana amayi ake, kenako mkazi wake.

"Sabata ija ndinakuuzani, amayi, kuti manja akuuma, sizasi ikundikanika. Munati ndi matenda akuyankhula. Iwenso ndinakuuza kuti mankhwalawa akundilemera. Unati ndipirire." Anameza malovu movutikira. "Kenako lilime linauma. Ndinkaona supuni ikubwera uku, ina ikubwera uku. Ndinkawerenga. Ndinkadziwa kuti achuluka."

"Unkamva zonse?" anafunsa amayi ake.

"Zonse. Ngakhale jakisoni ndinkamumva akubwera."

A Mafunso anayang'ana pansi. Mkazi uja anagwada pambali pa bedi n'kuika chipumi pa matiresi. Amayi aja anaima chilili, manja ali lende.

"Sindikukalipa," anatero telala. "Ndikungoti mundipatse ine."

Dokotala wa ndevu uja anatulutsa cholembera n'kufunsa kuti pamzere wa wosunga mankhwala alembepo ndani. Anayang'ana kwa amayiwo, poti ndi amene anali wamkulu pamenepo. Iwo anayang'ana mwana wawo.

"Musandifunse ine," anatero. "Mwini wake ndi uyo, akumva."